Galu m'nyumba yongoyembekezera: mmene mungakhalire naye pa lendi ya kanthawi

Nyumba yakale mwatulukamo, yatsopano sinathe kukonzedwa kapena makiyi ake sanakufikeni m'manja. Pakatipa pali masabata atatu, miyezi iwiri, mwina isanu, ndipo muzigona m'nyumba za eni, zokhalamo kale mipando, makatani ndi makapeti. Inu mukudziwa kuti n'zongoyembekezera. Galu sakudziwa. Kwa iye pakhomo ndi fungo la pa chogonera chake, nthawi imene mbale imatera pansi, ndi njira imene amadutsa m'mawa uliwonse. Zitatuzi zikasowa tsiku limodzi, m'pamene galu woti sanakodzepo m'nyumba kwa zaka zisanu amanyowetsa kapeti, wofatsa n'kuchezera kuuwa, wina n'kutulukira pa geti osadziwa kobwerera. Choncho ntchito yaikulu m'nyengoyi ndi yoti makoma okha ndiwo azisintha, zina zonse za galuyo zizikhala momwe zinalili.

Kambiranani ndi eni nyumba musanalipire

Mawu akuti ziweto n'zololedwa, amene amalembedwa pa masamba a pa intaneti opezerapo malo ogona monga Airbnb ndi Booking.com, kapena pa pepala la ejenti, sakutanthauza kuti galu wanuyo waloledwa. Eni nyumba ambiri polemba zimenezo amakhala akuganiza za kagalu kamodzi ka makilogalamu 5, osati agalu awiri a makilogalamu 30 aliyense. Alembereni uthenga musanatulutse ndalama. Tchulani kuti agalu ndi angati, aliyense amalemera bwanji, ali ndi zaka zingati, ndi wothena kapena ayi, ndipo pa tsiku amatsala yekha maola angati. Ikaniponso chithunzi. Musayerekeze kubisa galu wachiwiri. Oyandikana nawo amamva, ogwira ntchito pamalopo amaona, ndipo kuuzidwa kuti mutuluke pakati pa mwezi, agalu ali m'manja, kolowera kulibe, n'kowawa kuposa kukanidwa poyamba.

Funso limene ambiri amaiwala ndi ili: kodi galu angatsale yekha m'nyumbamo inu mutachoka? Malo ambiri a lendi yaifupi amalola galu koma amaletsa kumusiya yekha, ndipo ngati mumapita kuntchito tsiku lililonse, nyumba yoteroyo ilekeni. Funsaninso ngati amaloledwa kukwera pa sofa kapena kulowa kuchipinda, ngati bwalo ndi lanu nokha kapena mugawana ndi ena, ngati pamalopo pali agalu ena, amphaka kapena nkhuku, komanso ngati anaikapo mankhwala a makoswe kapena kupopera kapinga posachedwa. Pa ndalama siyanitsani ziwiri: dipoziti imene imabwezedwa mukatuluka osawononga, ndi ndalama yoyeretsera nyumba imene sibwerera. Dziwani ngati amawerengera pa galu, pa usiku, kapena kamodzi basi. Ngati ndi fulati ya m'nyumba zosanja, malamulo a nyumba yonseyo amaposa chilolezo cha mwini fulati, ndiye muwawerenge nokha. Zonse mwagwirizanazo zikhale zolembedwa, ngakhale mu uthenga wa pafoni, chifukwa za pakamwa zimaiwalika tsiku lobweza dipoziti.

Mukakhala ndi mwayi wosankha, tengani nyumba ya pansi, ya matailosi kapena simenti, yokhala kumapeto osati pakati pa makomo a anthu. Kapeti amamwa mkodzo n'kuusunga, pansi pa matabwa pamakandika ndi zikhadabo, masitepe amazunza galu wokalamba, ndipo galu wotsegula m'mimba sangadikire kuti mutsike naye nsanjika zinayi pakati pa usiku. Malo amodzi kwa masabata 6 ndi abwino kuposa malo atatu a masabata awiriawiri, ngakhale atadulirako, chifukwa kusamuka kulikonse galu amayambiranso kuphunzira. Tsiku lolowa m'nyumba yokhazikika limakonda kusuntha, ndiye funsiranitu ngati mungadzawonjezere masiku, ndipo khalani ndi pothawira: mnzanu amene galuyo amamudziwa, kapena malo osungira agalu. Malo oterewa salandira galu wopanda khadi la katemera, ndipo ambiri amafuna kuti katemerayo akhale atabayidwa masabata awiri galu asanabwere.

Kwa dokotala wa ziweto

Pitani naye masabata awiri kapena atatu musanasamuke. Onetsetsani kuti katemera wa chiwewe sanathe nthawi, mutenge mankhwala a nthata ndi nkhupakupa komanso a njoka za m'mimba, ndipo ngati galuyo amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mupemphe okwanira nyengo yonseyo ndi kalata yofotokoza matenda ake. Khadi lijambuleni pafoni. Mwana wagalu amafuna kusamala mwapadera, chifukwa katemera wake amamaliza cha pa masabata 16, pomwe kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa osanza ndi kutsegula m'mimba, kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo pabwalo la lendi padutsa agalu a anthu osiyanasiyana. Pa simenti ndi matailosi mungakaphe ndi jiki wosungunula, gawo 1 la jiki ku magawo 30 a madzi, n'kumusiya mphindi 10 musanatsukuluze. Pa dothi ndi kapinga njirayi sigwira, ndiye mwana wosamaliza katemera musamutsitsepo.

Microchip ndi kachipangizo kakang'ono kamene amakaika pansi pa khungu cha pamapewa, kokhala ndi nambala ya madijiti 15. Sikalondola komwe galu ali. Kamangosunga nambalayo, ndipo wopeza galu amakupezani pokhapokha ngati m'kaundula wa nambalazo muli foni yanu imene ikugwira lero. Pa kachitsulo ka m'khosi lembani nambala ya foni, osati adiresi yakale. Ngati kusamukaku n'kodutsa malire, yambani miyezi ingapo isanakwane nthawi. Mayiko a European Union, mwachitsanzo, amafuna kuti microchip iyambe kuikidwa, kenako katemera wa chiwewe, ndiye mudikire masiku 21, ndipo galu wochokera ku mayiko ambiri amayenera kuyezedwanso magazi n'kudikira miyezi itatu.

Zonyamula

Katundu akamapita kosungitsa, za galu zisapite nawo. Chogonera chake ndi bulangete lake musazichape sabata yosamukayo, zipite ndi fungo lake lonse, chifukwa fungo limenelo ndilo limuuze kuti pano n'pogona. Mbale zikhale zomwezo. Chakudya chikhale chomwecho, chokwanira masabata awiri kapena kuposerapo. Kusintha chakudya mwadzidzidzi pamwamba pa nkhawa ya kusamuka ndiko kumatsegula agalu ambiri m'mimba. Ngati kusintha sikungapeweke, tengani masiku 7: masiku awiri chatsopano chikhale kotala, awiri otsatira theka, awiri enawo makotala atatu, tsiku la 7 chatsopano chokhachokha.

Kakhola kopinda ka mawaya kamathandiza kwambiri m'nyumba ya eni. Kuti mudziwe kukula kwa kakhola koyenera, yezani galu kuyambira pamphuno mpaka pomwe payambira mchira, muwonjezere masentimita 5 mpaka 10, muchitenso chimodzimodzi kuchoka pansi kufika pamutu ataimirira. Azitha kuima, kutembenuka ndi kugona motambasula. Koma kakholaka kayambe kuzolowereka m'nyumba yakale, chitseko chili chotsegula, chakudya akudyera momwemo. Galu amene mwangomutsekeramo koyamba m'malo achilendo amaluma mawaya mpaka kuthyola dzino. Onjezani nsalu zakale ziwiri zofunditsa sofa ndi bedi, mathaulo atatu, kageti kotchingira pakhomo ngati ka ana, chingwe chachifupi, chingwe chachitali cha mamita 5 mpaka 10, timatumba totolera chimbudzi, ndi botolo la mankhwala ochotsa mkodzo olembedwa kuti ali ndi ma enzyme.

Pa ulendo, mudyetseni maola atatu kapena anayi musananyamuke, muziima maola awiri aliwonse, ndipo musamusiye m'galimoto yoima pamene mukukatenga makiyi. Kunja kukakhala madigiri 22, m'galimoto mumatha kufika 47 pa ola limodzi, ndipo kutsitsa galasi pang'ono sikuthandiza.

Ola loyamba

Galu asayambe ndiye kulowa. Wina ayende naye kunja kwa mphindi 20 kapena 30 mpaka akodze ndi kuchita chimbudzi, inu muli m'kati. Yambani ndi kujambula. Tengani vidiyo ya chipinda chilichonse, muyandikitse foni pa miyendo ya mipando, m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa makatani, pa kapeti ndi pa kapinga. Dontho lililonse ndi pokandika paliponse pamene mwapeza, tumizani kwa eni nyumba tsiku lomwelo. Popanda zithunzi zimenezi, cholakwika chilichonse chidzakhala cha galu wanu.

Kenako gwadani pansi, muone nyumbayo pa msinkhu wa galu. Suzumirani kuseri kwa firiji ndi chitofu, pansi pa sinki, pansi pa bedi, m'makona a galaja ndi kuseri kwa nyumba. Mukufufuza mankhwala a makoswe, amene nthawi zambiri amakhala timibulu kapena njere za buluu, zobiriwira kapena zofiira, komanso mankhwala a mphemvu, a nkhono za m'maluwa, ndi mapiritsi amene mlendo wina anagwetsa. Ibuprofen ndi paracetamol amavulaza galu. Chingamu chokhala ndi xylitol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga), chokoleti, mphesa zouma ndi anyezi wotsala m'kabati, zonsezi zichoke. M'galaja samalani ndi madzi a ethylene glycol othira mu injini, omwe amatsekemera koma amawononga impso. Pabwalo, oleander ndi cycad ndi zomera zakupha, ndipo dieffenbachia wa m'miphika ya m'nyumba amawotcha m'kamwa. Galu wamkota sakandira pachabe: mukadzamuona akulimbikira kununkhiza malo amodzi kuseri kwa kabati, musamukalipire, sunthani kabatiyo muone.

Mankhwala a makoswe ndi oopsa chifukwa amanyenga. Ambiri amalepheretsa magazi kuundana, ndipo galu amene wawadya amaoneka bwinobwino kwa masiku 3 mpaka 5. Pofika pamene nkhama zayera, akufooka, akubanika kapena akutuluka magazi m'mphuno, magazi amakhala atatayikira kale m'kati. Mukangokayikira kuti wadya, nyamulani paketi kapena zotsalazo muthamangire kwa adokotala. M'maola awiri oyambirira amatha kumusanzitsa, ndipo mankhwala ake ndi vitamini K1 womwa kwa masabata angapo. Musamumwetse mchere, mafuta kapena mkaka. N'chifukwa chake nambala ya dokotala wa ziweto wa pafupi, komanso ya amene amatsegula usiku, iyenera kulowa m'foni tsiku lofika.

Mpanda uyendereni wonse ndi phazi, musangouona pawindo. Gwedezani thabwa lililonse, yang'anani pansi pa geti, kuseri kwa zitsamba, ndi pomwe pali bini kapena mulu wa njerwa woti galu n'kupondapo podumpha. Mpata woti mutu wake ukulowa, thupi nalonso likhoza kudutsa. Galu wamkulu wothamanga amafuna mpanda wa mamita pafupifupi 1.8. Ngati mpandawo simukuukhulupirira, bwalo limenelo liyeseni ngati msewu: azituluka ndi chingwe chachitali inu muli pomwepo. Musamumangirire pakhonde la m'mwamba kapena pafupi ndi mpanda woti angaudumphe, chifukwa akadumpha ali pa chingwe amadzipachika.

Mukatha, pindani makapeti ang'onoang'ono muwaike pamwamba pa kabati, kwezani makatani ofika pansi, bisani mawaya a magetsi, funditsani sofa, tsekani zipinda zosafunika. Yalani chogonera chake pakona yabata, kutali ndi khomo lolowera, madzi pambali pake. Tsopano mulowetseni ali pa chingwe, muyende naye chipinda ndi chipinda akununkhiza, mumalizire pa chogoneracho.

Masiku atatu oyamba

Agalu ambiri amathawa m'masiku amenewa, makamaka pamene chitseko chili pululu anthu akulowetsa zikwama. Pakati pa galu ndi msewu pazikhala zotchinga ziwiri nthawi zonse, monga chitseko ndi kageti, kapena chitseko ndi chingwe. Lamba wa m'khosi akhale woti zala ziwiri zokha ndizo zikulowa, chifukwa galu wodzidzimuka amabwerera m'mbuyo n'kuuvula. Ngakhale galu womvera kwambiri musamumasule kunja sabata yoyamba. Akapulumuka musamuthamangitse. Khalani chonjuta, mumuitane ndi mawu osangalala, kapena thamangirani kumbali ina kuti akutsatireni. Akasowa, ikani chogonera chake ndi malaya anu ovala kale pakhomo, dziwitsani madokotala a ziweto a m'deralo ndi osunga kaundula wa microchip, ndipo ngati nyumba yakale ili pafupi, kayang'aneni kumeneko msanga.

Nthawi za chakudya ndi zoyenda zikhale zomwe anazolowera, osasuntha ngakhale ndi ola. Pa nkhani ya chimbudzi, muyeseni ngati mwana: mutulutseni akangodzuka, akatha kudya, akatha kusewera, musanagone, ndi maola awiri kapena atatu aliwonse masana, malo amodzimodzi, ndipo akachita mumuyamikire pomwepo. Anaphunzira kuti m'nyumba yakale ija sakodzamo, koma sanaphunzire kuti lamulolo ndi la nyumba iliyonse.

Kukana chakudya tsiku loyamba, kupuma mwawefuwefu, kuyasamula pafupipafupi ndi kukutsatirani mpaka kubafa ndi zizindikiro za nkhawa, ndipo zimatha zokha. Amene akufunika adokotala ndi galu woti wadutsa masiku awiri osadya, wofooka, wosanza mobwereza, wotsegula m'mimba kupitirira masiku awiri kapena wotuluka magazi. Kwa mwana wagalu musadikire n'komwe tsiku lathunthu. Madzi muziyang'anira: galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kutanthauza lita imodzi kapena kupitirira pang'ono kwa galu wa makilogalamu 20. Ngati agalu ndi awiri, adyetseni motalikirana, chifukwa malo akachepa, ngakhale ogwirizana amayamba kulimbirana mbale ndi pogona.

Kumusiya yekha

Apa ndi pamene pamachokera madandaulo ambiri, ndipo sipofunika kuthamanga. Tsiku loyamba musamusiye. Lachiwiri tulukani mphindi imodzi, mubwerere osachita naye chidwi chambiri, kenako mphindi 5, kenako 15. Masiku otsatira fikani pa theka la ola, kenako ola. Siyani foni yakale ikujambula, chifukwa galu amene amakulandirani mwansangala atha kukhala kuti walira nthawi yonseyo. Vuto limaonekera m'mphindi 30 zoyambirira. Wongotopa ndi kukhala amayendayenda, kutafuna kanthu, n'kugona. Wamantha amakanda chitseko chimene mwatulukira, amatuluka dovu, ndipo chokoma chimene munamusiyira mumachipeza chosakhudzidwa. Woteroyo bwererani naye pa mphindi zochepa zimene amapirira, ndipo ngati sizikusintha, pezani womukhalira masana, mukambenso ndi adokotala. Malamba a m'khosi ogwira ndi magetsi amangotseka pakamwa, manthawo n'kukula.

Ngakhale galu wozolowera asapitirire maola anayi ali yekha m'malo achilendo. Musanachoke muyendetseni, mumulole kununkhiza mmene akufunira, chifukwa mphuno imamutopetsa kuposa miyendo. Mwazani chakudya chake chouma pa thaulo, mulipinde, azifufuza yekha. Ngati amauwa mapazi a anthu odutsa, tsekani katani, yatsani wailesi kapena fani motsitsa kuti phokoso la kunja lisamveke kwambiri. Oyandikana nawo apatseni moni tsiku loyamba, muwapatse nambala yanu, muwauze kuti akamva kuuwa akuimbireni inu. Munthu amene ali ndi nambala yanu sathamangira kwa eni nyumba. Mlendo ndi mame, inu muchoka posachedwa, koma mbiri imene galu wanu asiye ndi imene idzatsegulire kapena kutsekera khomo wina wobwera ndi galu pambuyo panu.

Akakodza m'nyumba

Musamukalipire mutapeza zitachitika kale, ndipo musamukhudzitse mphuno pamkodzopo. Sangalumikize chilangocho ndi zimene anachita ola lapitalo, amangophunzira kukakodza kobisika. Ikani thaulo louma pamalopo, muliponde ndi thupi lonse kuti limwe, osapukuta mokhula. Thirani madzi ozizira pang'ono, mupondenso. Kenako thirani mankhwala a ma enzyme aja mpaka alowe pomwe mkodzo wafika, muwasiye nthawi imene yalembedwa pabotolo, koma muyambe mwawayesa pakona yobisika kuti muone ngati sakusintha mtundu. Mukawasowa, sakanizani viniga ndi madzi theka ndi theka, pakauma muwazepo soda wophikira, agonepo usiku, m'mawa musese. Viniga asakhudze miyala ya mabo, amaidya. Madzi otentha amakhazikitsa banga ndi fungo. Mankhwala okhala ndi amoniya amanunkha ngati mkodzo, ndiye galu amabwererapo. Jiki pa mkodzo amatulutsa mpweya wotsamwitsa komanso amachotsa mtundu wa kapeti wa eni.

Galu wamphongo amene akuthira timadontho pa ngodya ya sofa kapena pa katani sikuti wapanikizika, akuika chizindikiro pomwe wamva fungo la galu wina. Tsukani malowo, muwatchinge, ndipo masiku oyamba azikhala pomwe mukumuona. Koma galu wokodza pang'onopang'ono pafupipafupi, modzikakamiza kapena mosakanikira magazi, ameneyo akudwala, apite kuchipatala.

Nthata nazo zimadabwitsa anthu. Mumalowa m'nyumba yooneka yoyera, patatha masiku awiri galu akudzikanda, inu akakolo ali ndi timatuza. Nthata yaikazi imaikira mazira mpaka 50 patsiku, amagwera m'kapeti ndi m'ming'alu, ndipo zikwa zake zimatha kukhala miyezi zili phee m'nyumba yopanda anthu, n'kuswa zikamva kutentha ndi mapazi. Galu amene analandiriratu mankhwala amazipha zikangomuluma. Zikaoneka, uzani eni nyumba tsiku lomwelo, chapani zogonera pa madigiri 60, yeretsani pansi ndi makina opopa fumbi tsiku lililonse, ndipo mankhwala a galu apitirire miyezi itatu kuti musazinyamulire ku nyumba yatsopano.

Potuluka

Yambani dzulo lake. Ubweya wa pa sofa umachoka bwino ndi gulovu ya labala yonyowetsa pang'ono. Pukutani m'munsi mwa makoma ndi magalasi a zitseko pomwe mphuno imakhudza, tolani chimbudzi chonse pabwalo, kwirirani maenje. Kapinga wopsa ndi mkodzo sachira tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kuthirapo madzi nthawi iliyonse galu akakodza kuyambira tsiku lofika. Ngati chilipo chawonongeka, nenani nokha ndi chithunzi eni ake asanachione. Jambulaninso nyumba yonse mutatulutsa katundu, ndipo ngati mwasiyana bwino, apempheni alembe mawu awiri otchula galuyo, muzikaonetsa kwa eni nyumba otsatira.

Tsiku lolowa m'nyumba yokhazikika, bwerezani zonse za ola loyamba lija, makamaka ngati amisiri angochokamo kumene. Misomali, zidutswa za magalasi, zitini za penti ndi geti losiyidwa chotsegula ndi zimene muyambe kuyang'ana. Galu adikire kwa mnzanu kapena m'chipinda chotseka mpaka onyamula katundu atapita, ndipo bulangete lija lilowe lisanachapidwe.